Mastazi yanga ya zojambula za m'mapanga a Chongoni, pomwe ndafika

9 Febuluwale

Pulopozo yadutsa. Kawiri konse anandibwezera, ndiye lero nditaona imelo ya asupavaiza mtima unayamba kaye kugunda, kutsegula ndikupeza angolemba kuti pitirizani, mawu amodzi basi, miyezi isanu yosagona bwino malipiro ake mawu amodzi kkkk. Ndinaimbira amayi ku Dedza kuwauza, iwo akuti ndiye kuti wamaliza? Ndati ayi amayi, andilola kuti ndiyambe. Anakhala chete kaye kenako akuti sukulu ya ku Joni njovuta eti.

Ndilembe pano zomwe ndalonjeza kuti ndisadzazikane mtsogolo. Ndikupanga mastazi ya mbiri ya zaluso ndipo kafukufuku wanga ndi wa zojambula zoyera za m'mapanga a ku Chongoni. Dera lija bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse mu 2006, chaka chimodzi ndi malo a zojambula za pamiyala a Kondoa ku Tanzania, muli malo ojambulidwa 127 m'dera la masikweya kilomita 126, ndipo ine ndinakulira cha konko osadziwa kuti anthu amakwera ndege kudzaona miyala yomwe ifeyo timausapo mvula tikapita ku nkhuni. Zojambula zake zili mitundu iwiri ikuluikulu. Zofiira ndi zakale kwambiri, za Akafula, Abatwa aja agogo amatiuza kuti ukakumana nawo amafunsa kuti mwandionera pati, ndipo ukati pompano wapalamula, umayenera kunena kuti ndakuonerani kutali uko. Zawo ndi mizeremizere, zozungulira mkati mwa zozungulira zinzake, zina ngati makwerero. Zoyera ndi za Achewa, zopaka ndi chala pogwiritsa ntchito dothi loyera, zina za nyau zina za chinamwali. Ine ndatenga za chinamwali, zomwe zimaoneka ngati chikopa cha nyama achitambasula pansi kuti chiume, miyendo uku ndi uku, mchira pansi, zina zili ndi madontho akuda thupi lonse.

3 Malichi

Semina yoyamba. Mnzanga wina akulemba za Gerard Sekoto, wojambula wa ku South Africa, ali ndi dzina la wojambula, chaka chobadwa, zithunzi za ku Sophiatown, chaka chomwe anapita ku Paris 1947, makalata, chilichonse chili poyera. Itafika nthawi yanga mkulu wina wa mu dipatimenti anafunsa kuti wojambula wanu ndi ndani ndipo anajambula liti. Ndinati dzina palibe, chaka chenicheni palibe. Akuti nanga bwanji simunapite ku akiyoloje, kwa ofukula zakale pansi? Funso limenelo landiwawa sabata yonse chifukwa mwina akunena zoona mwina ayi. Ine chimene chimandikoka si zaka za pansi pa nthaka, ndi dzanja la mayi amene anaima pathanthwe nkuviika chala m'dothi, anasankha bwanji poika chithunzi, bwanji chachikulu chonchi, bwanji pamwamba pa chofiira chakale pomwe malo opanda kanthu analipo pambali. Zimenezo ndi nkhani za zaluso, ndimakana kuti si zathu.

Za zaka ndaphunzira kuyankha tsopano. Utoto wofiira ndi wa mwala wachitsulo, mulibe kaboni woti ayeze nkudziwa zaka zake, ndiye chomwe timadalira ndi kuona chomwe chili pamwamba pa chinzake, ndipo zoyera zimapezeka pamwamba pa zofiira. Basi yankho ndi lomwelo, ndizilinena mosachita manyazi.

21 Malichi

Fomu ya ethics, yopempha chilolezo cha yunivesite chofunsira anthu mafunso, masamba 14. Ikufuna aliyense wofunsidwa asaine. Ndawalembera kuti amayi achikulire a kumudzi ukawapatsa pepala kuti asaine amaganiza za munda kapena ngongole, macheza amathera pomwepo, ndiye ndapempha kuti chilolezo chizikhala chapakamwa pamaso pa mboni. Tidikire.

17 Epulo

Mwezi uno ndi wa laibulale basi ndipo ndakhumudwa pang'ono, zikuoneka ngati zonse anthu analemba kale. J. Desmond Clark anakumba pa phanga la Mwana wa Chentcherere mu 1972. Lindgren ndi Schoffeleers analemba za zojambulazi ndi nyau mu 1978. Benjamin Smith anayenda mapiri a Dedza ndi ku Zambia nkulemba PhD yake ku Cambridge mu 1995, ndipo mfundo yake ya zojambula za nyau ndimaikonda, akuti zinachuluka nthawi imene gule anali pa mpanipani, Angoni atalowa, kenako amishoni ndi boma la atsamunda, ndiye zinthu zomwe sizikanatheka kusungidwa poyera zinakalowa m'mapanga. Ukaganiza kuti Angoni a Maseko anakhala ku Domwe pomwepa, Nkhoma Mishoni inayamba 1896, Mua 1902, Chongoni ali pakati pa zonsezi, mfundoyo imagwira. Kenako pali Leslie Zubieta wa ku Mexico amene analemba za chinamwali chenichenicho, anakhala ndi amayi a ku Dedza ndi kum'mawa kwa Zambia nkulumikiza zojambula za pathanthwe ndi zoumba za dothi zomwe amagwiritsa ntchito polanga namwali, chingondo ndi vilengo. Nditamaliza kuwerenga zake ndinatseka laputopu nkukagona masana. Munthu wochokera ku Mexico wandiposa pa nkhani ya kwa amayi anga.

Asupavaiza anaseka nditawauza. Akuti werenganinso, muone zomwe sanafunse. Ndawerenganso ndi pensulo. Onse amafunsa kuti chithunzi chikutanthauza chani, ochepa amafunsa kuti chinapangidwa bwanji ndipo chinkaonedwa bwanji, munthu ali chiimire kapena chikhalire, anthu angati angakwane kutsogolo kwake, dzuwa limafikapo nthawi yanji. Kampata kanga ndi kameneko, nkakang'ono koma ndi kanga.

Pulogalamu ya Zotero, yosungira mndandanda wa mabuku omwe ndawerenga, yandidyera maola awiri kukonza dzina la Schoffeleers lomwe ndinalilemba mitundu itatu.

30 Meyi

Ethics yatuluka. Chilolezo cha kumudzi kwathu chojambulira m'mapanga ndiye chachedwa, pepala langa linasowa pa desiki ina, mchimwene wanga wapitako katatu, ulendo wachitatu analipeza pansi pa mafayilo ena. Tikiti ya basi ndagula.

11 Juni

Ndafika. Beitbridge usiku wonse, Harare, Nyamapanda, Tete kutentha ngati mu uvuni, kenako kukwera mpaka boda ya Dedza kuzizira koti zala kukanika kutsegula zipi ya chikwama. Ndinaiwala kuti Juni wa kwathu sasewera. Amayi andilandira ndi kachewere wophika ndi tiyi, andiyang'ana nkunena kuti wawonda, maphunziro akukudya.

19 Juni

Masiku asanu m'mapiri. Ndayamba ndi Mphunzi chifukwa ndi kosavuta kufika, kenako Chentcherere, dzulo Namzeze komwe kukwera kwake ndinapuma kanayi, mnyamata wa kabaza anandisiya mmunsi nkunena kuti achemwali njinga yanga siikwera mwala. Kulikonse ndikuyamba kwa amfumu kaye, sungangolowa m'phiri ndi kamera ngati mlendo wa ku hotela, ndipo amandipatsa munthu wondiperekeza.

Kagwiridwe kanga ndi aka. Chithunzi cha phanga lonse kuchokera patali, kenako khoma lonse, kenako chimodzichimodzi ndi kasikelo ka mitundu pambali, osagwira, osathira madzi ngakhale wondiperekeza wina anati madam tithirepo pang'ono ziwala bwino, ndinachita kumugwira dzanja. Kenako tepi, kuyeza kutalika kuchokera pansi, kukula kwa malo okhala kutsogolo kwa khoma, ndi kulemba nthawi yomwe dzuwa lagunda. Madzulo ndikuika zithunzi mu DStretch, kapulogalamu kamene kamakokomeza mitundu, ndipo pamenepo ndiye ndimakuwa ndekha m'nyumba, khoma lomwe masana limaoneka loyera ndi lotuwa basi likutuluka zofiira pansi pake, zozungulira za Akafula zitabisala kuseri kwa chinyama choyera. Amayi anabwera kudzaona pa sikirini akuti zimenezi wajambula ndiwe, ndati ayi zinalipo kale maso athu ndi amene saona.

Chimene chandipweteka ndi makala. Mayina a ana a sukulu, wakuti amakonda wakuti, zaka, pamwamba penipeni pa zojambula. Pena mwaye wa moto wa abusa a ng'ombe wadetsa denga. Ndinakwiya tsiku loyamba, lachiwiri ndinakumbuka kuti nanenso ndili sitandade 6 ndinalembapo dzina pa mwala wina ndi khala, sindikumbuka ngati panali chojambula pansi pake. Palibe anatiuzapo kuti ndi chani. Ndiye mkwiyo unatsika.

Ku Namzeze ndi kwa nyau kwambiri, zilombo zoyera khoma lonse, kasiyamaliro amadziwika ngakhale ndi mwana. Ndajambula koma sindifunsa zambiri, ine ndi mkazi, za kudambwe si zanga, mu thesisi zidzakhala ndime zingapo za mbiri basi kuchokera kwa omwe analemba kale.

Pofika lero: mapanga 9, zithunzi 1,140, batire imodzi yafa ndi kuzizira.

4 Julayi

Lero ndi tsiku lomwe kafukufuku yense wagwedezeka ndiye ndilemba motalika.

Azakhali anandipezera anamkungwi awiri a mudzi wina, achikulire, mmodzi maso ayamba kuchita nkhungu. Ndinapita ndi shuga, sopo ndi chitenje, ndinagwada, moni, zonse bwinobwino, ndinafotokoza za sukulu, anavomera kucheza. Ndatulutsa zithunzi zomwe ndinapulinta ku boma. Wamkuluyo anachiyandikiza kumaso nthawi yaitali, kenako osayang'ana chithunzi koma ine, akuti mwana wanga, iwe unavinidwa?

Ndinadziwa kuti funsoli libwera koma litabwera pakamwa panauma. Kwathu ndi a CCAP kuyambira agogo, ine ndinapita ku chilangizo cha mpingo, alangizi ndi Baibulo, ng'oma sinalire. Ndinanena zoona. Anaseka onse awiri, osati monyoza, kuseka kwa anthu amene aona mwana atavala nsapato za bambo ake. Akuti ndiye ukufuna tikuuze za m'tsimba iwe uli panja? Ndati agogo sindikufuna zonse, ndingofuna kudziwa kuti chinkajambulidwa bwanji. Wamng'onoyo ndi amene anandipha, akuti chimene wanyamulachi nchosalankhula, chinthuchi chimayenda ndi nyimbo yake, popanda nyimbo ndi dothi basi.

Ndinakhala pamphasa paja mutu ukuzungulira chifukwa zaka zonse za digiri yoyamba anatiphunzitsa kuyang'ana chithunzi, mizere, kakhalidwe, mtundu, kuyerekeza ichi ndi icho, ngati kuti chithunzi chimadziimira pachokha pa khoma la galare yoonetsera zithunzi. Apa akundiuza kuti chomwe ndayeza ndi tepi masiku onsewa ndi theka, mwinanso osakwana theka, chinali chothandizira kuti namwali asaiwale mwambo, chala chikuloza, nyimbo ikuimbidwa, amayi akuomba m'manja, ndipo theka linalo ndilibe ufulu nalo. Iwowo sanajambulepo pathanthwe, zimenezo zinasiyika kale iwo asanabadwe, koma ataona chinyama chotambasula chija sanadabwe, anachidziwa ngati mmene umadziwira dzanja la mbale wako pa envelopu.

Tinacheza maola atatu rekoda ili yozimitsa, anandiuza okha kuti kachitsuloko kagone. Zina anandiuza nkunena kuti izi lemba. Zina anandiuza nkunena kuti izi ndakuuza iwe ngati mwana wa kuno, osati sukulu yako. Zina anangoyang'anana nkusintha nkhani kuyamba kufunsa ngati ku Joni ndapezako mwamuna.

Usiku ndinawauza amayi. Anangoti ndimadziwa. Kenako anandiuza kuti agogo anga aakazi, omwe ine ndimawadziwa ngati mayi wa chigwirizano wa yunifomu yoyera, anavinidwa asanalowe mpingo ndipo sanazitchulepo mpaka kumwalira. Zaka 27 ndili m'banja lomweli ndikumva lero.

15 Julayi

Ndabwererako kanayi. Tsopano akundiitana kuti wa zithunzi. Ndasintha kafunsidwe, sindikufunsanso kuti ichi ndi chani, ndikufunsa za ntchito ya manja, dothi loyera amalitenga kuti, amalisakaniza bwanji, ndani amaloledwa kuumba, zoumbazo zikatha ntchito zimapita kuti. Apa ndiye amamasuka mpaka kukanganirana okha. Ndipo ndaona kuti miyeso yanga ija siinapite pachabe, makoma ambiri a zoyerazi kutsogolo kwake kuli malo oti kagulu kakhale pansi, obisika kwa munthu wodutsa m'njira, ndiye nditawafotokozera anangoti nanga ukanalanga mwana pamsewu?

Ndinatsikiranso ku Mua tsiku limodzi, msewu wokhotakhota wa Golomoti uja mtima uli m'mwamba. Ku Kungoni, malo omwe anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, mu Chamare Museum muli zigoba za gule mazanamazana. Ndinayenda mmenemo ndi funso langa lomweli, kuti chinthu chobisika chikaikidwa poti aliyense aone chimatsala chani. Chigoba chili pakhoma phee, pomwe pabwalo chimabwera ndi fumbi, ng'oma ndi amayi oyankha nyimbo. Ndalemba masamba anayi mu basi pobwerera, mwina alowa mu chaputala choyamba.

8 Ogasiti

Zomba, ku National Archives, sabata imodzi. Ndimafuna makalata a ma DC ndi amishoni okamba za chinamwali ndi nyau. Za nyau zilipo, madandaulo a sukulu za mishoni kuti ana akuthawira ku gule. Za amayi zochepa kwambiri, olembawo anali amuna ndipo sankaloledwa kuyandikira, ndiye amangolemba kuti miyambo yoipa basi osadziwa nkomwe chomwe chimachitika. Zala zakuda ndi fumbi, chimfine, ndalama ya malo ogona yatha tsiku lachisanu.

20 Okutobala

Ndinasowa, ndimalemba. Chaputala 1 ndi 2 zapita, mawu 14,000. Chaputala 3, cha macheza ndi anamkungwi, chabwerako chofiira ngati zojambula za Akafula.

Vuto ndi ili. Ndinagawa zonse zomwe ndinamva m'mafoda atatu, zolemba, zosalemba, ndi zokafunsanso. Mu chaputala ndinaika za foda yoyamba zokha, ndipo pomwe nkhani yafika pa mpanda ndinalemba poyera kuti apa anamkungwi anaimitsa ndipo ine ndaima. Asupavaiza akuti oyesa mayeso adzati deta njochepa, akuti mwina ikani zina mosatchula mudzi kapena munthu, palibe adzadziwe. Ndinawayankha kuti nkhani si yoti adziwika ndani, nkhani ndi yoti thesisi ikatha imakwera pa intaneti, mnyamata aliyense wa ku Linthipe ndi foni yake atha kuitsitsa, ndipo chomwe amayi aja anakana ndi chimenecho, osati dzina lawo. Tinakambirana ola lathunthu, sanali okwiya, ndi munthu wabwino, kungoti iwo anazolowera kuti chomwe wapeza umalemba. Pomaliza anati chabwino, koma ndiye mpandawo ukhale mfundo ya chaputala, muufotokoze ngati mbali ya luso lenilenilo, osati ngati kupepesa. Ndinatuluka mu ofesi ndikuona kuti andipatsa ntchito yowirikiza koma akunena zoona. Zojambulazi anazipanga dala kuti wakunja aone nyama yosadziwika bwino, buluzi kapena nalimata kapena chikopa, wamkati aone phunziro. Kusamveka kwakeko si kulephera kujambula ayi, amayi omwe amaumba miphika yosalala chonchija sakanalephera kujambula buluzi wooneka ngati buluzi akanafuna.

Chiganizo chimenecho ndachiika pa tsamba loyamba la chaputala, mu Chingerezi chake chovuta.

2 Novembala

Semina yachiwiri. Mkulu uja wa funso la akiyoloje analipo. Ndinaonetsa khoma limodzi katatu, mmene diso limaonera, mmene DStretch imaonetsera, ndi kamapu ka pomwe anthu akanakhala. Anafunsa ngati ndifananitse ndi za kum'mawa kwa Zambia, mapanga a Thandwe ndi Kalemba, poti Achewa ndi amodzi malire anabwera pambuyo. Ndati ndikufuna koma ndalama ya bazale yondilipirira maphunziro ikutha Malichi, zimenezo ndi za PhD ngati moyo ulola. Sanafunsenso za dzina la wojambula.

Mtsikana wina wa ku Limpopo ananditsatira panja akuti kwawonso kuli zoyera zopaka ndi chala ndipo agogo ake amakana kukamba, tinakhala pa masitepe mpaka mdima.

24 Novembala

Pomwe zinthu zili: chaputala 1 chavomerezedwa, 2 chikufuna kukonza mafutunoti, 3 ndikulembanso kuyambira pakati, 4 cha miyeso ya mapanga chili ndi matebulo okhaokha opanda chiganizo ngakhale chimodzi. Mawu onse 23,500 mwa 40,000. Zithunzi zoti zilowe ndasankha 46, ndiyenera kutsitsa kufika 30. Hadi dalaivi yachiwiri ndagula nditalota yoyamba itagwera m'madzi.

Foda yachitatu ija, zokafunsanso, muli zinthu 11. Pa foni sizingatheke, ndiye Disembala ndikupita, ndikawawerengera anamkungwi chaputala 3 chonse mu Chichewa ndime ndi ndime, chomwe akane ndichotsa. Kumasulira ndayamba usiku uno ndipo ndakakamira pa tsamba lachiwiri, mawu aja a asupavaiza oti mpanda ndi mbali ya luso mu Chichewa akumveka ngati ndikuwauza amayi aja chinthu chomwe anandiuza okha mu Julayi.

Amayi aimba madzulo, akuti agogo a maso a nkhungu aja atumiza uthenga kudzera kwa azakhali, ndikamabwera ndiwatengere chithunzi chija koma chachikulu, chaching'ono chija sachiona bwino, ndiponso shuga wa ulendo watha anali wochepa. Ndafunsa pa shopu yopulinta pafupi ndi kampasi, saizi yaikulu ya A2 pa pepala lolimba, akuti ndikatenge Lachinayi.